Anthu Amene Adafika ku Thyolo Wapansi

Aliyense amene adayendapo pa msewu wochokera ku Limbe kupita ku Thyolo amadziwa pamene maso amayambira kukhuta. Mukangopitirira pa Bvumbwe, madimba a kabichi ndi matimati amayamba kuchepa, ndipo posakhalitsa zitunda zonse zimaoneka zitavala tiyi wobiriwira, wometedwa mofanana ngati mitu ya ana a sukulu. Alendo ochokera kunja amakonda kuimitsa galimoto pamenepa kuti atole zithunzi. Ena mwa iwo ndi anyamata ndi atsikana obereka zikwama zikuluzikulu, amene amayendayenda m'maiko mwa kufuna kwawo: lero agona kwa bwenzi ku Blantyre, mawa pa esiteti, mkuja ali pamwamba pa phiri la Mulanje. Ife timawayang'ana modabwa, n'kumanong'onezana kuti kodi munthu amene wakwanitsa kulipira ndege akuzunzikiranji ndi katundu ngati wamtengatenga. Komatu agogo athu sakadadabwa naye munthu woyenda wapansi atasenza zake zonse, popeza makolo a anthu ambiri a ku Thyolo adafika m'boma limeneli mwa njira yomweyo. Kungoti iwo sadabwere kudzaona malo.

Tisanalondole mapazi awo, tiyeni tiyambe tasuzumira kutali, ku dziko la Spain, kumene mwambo woyenda wapansi ndi chikwama kumsana udakhazikika kalekale. Kumeneko kuli chinthu chimene chingatitsekule maso pa mbiri yathu yomwe.

Kumpoto chakumadzulo kwa dzikolo kuli mzinda wa Santiago de Compostela, kumene akhristu akhala akulemekeza manda a mpostoli Yakobe Woyera kuyambira zaka za m'ma 800. Njira yotchuka yopita kumeneko imayambira pa kamzinda ka Saint-Jean-Pied-de-Port, m'malire a France, nikwera mapiri a Pyrenees, nidzera ku Pamplona, Logroño, Burgos ndi León. Kutalika kwake ndi makilomita pafupifupi 780, kuposa kuchoka ku Blantyre kukafika ku Mzuzu, ndipo munthu wa mphamvu zake amatha mwezi wathunthu ndi masiku angapo ali pa njira. Mu 2023 anthu oposa 440,000 adalandira chikalata chotsimikiza kuti afika ku Santiago. Woyenda wapansi amalandira chikalatacho akaponda ndi mapazi ake makilomita 100 omalizira, naonetsanso kabuku kamene amadinditsa m'nyumba zimene wagonamo.

Tikamva za ulendo wotere timafulumira kutamanda miyendo ya oyendawo. Koma mbiri ya njirayi ikuonetsa kuti chimene chidaisunga kwa zaka zoposa chikwi ndi nyumba za m'mbali mwake. Munthu wina dzina lake Domingo, amene adamwalira mu 1109, adatha moyo wake akulambula msewu, kumanga mlatho pa mtsinje wa Oja ndi kusamala apaulendo m'nyumba imene adawamangira. Mzinda umene udamera pamenepo umatchedwa Santo Domingo de la Calzada, ndiye kuti Domingo Woyera wa pa Msewu. Njirayo itatsala pang'ono kuiwalika, wansembe wa parishi ya kumapiri ya O Cebreiro, Bambo Elías Valiña, adatenga penti wachikasu mu 1984 nayamba kujambula mivi pa miyala ndi pa zipupa kuti woyenda asasokere. Mivi yachikasu ndiyo ikulondolera anthu mpaka lero. M'nyumba zina zogona apaulendo mulibe mtengo woikika. Munthu amaponya m'bokosi chimene ali nacho, ndipo omulandira kawirikawiri ndi anthu amene iwonso adayendapo njira yomweyo nalandiridwa ndi ena.

Njira ya ku Spain, tsono, ili ndi mivi, mabuku, zidindo ndi oyera ake. Njira imene idadzaza Thyolo ndi anthu ilibe ndi chikwangwani chimodzi chomwe, chonsecho amene adaiponda adali zikwi mazanamazana, ndipo nayonso idayendeka kaamba ka nyumba za m'mbali mwake.

Njira yathuyi imayambira kum'mawa, ku mapiri a Namuli, m'madera a Gurue ndi Alto Molocue, m'chigawo cha Zambezia ku Mozambique. Uko ndiye kwawo kwa Alomwe. Alomwe sadali mtundu wa mfumu imodzi ayi. Adali magulu ambiri apachibale, monga Amihavani, Amanyawa, Atakhwani, Amarenje ndi Akokhola, olankhula zinenero zofananirako ndi otsata mtundu kuchikazi. Pa 11 June 1891 Angerezi ndi Apwitikizi adachita pangano logawana dziko, ndipo mitsinje ya Muloza ndi Ruo idasanduka malire. Anthu a m'mbali mwa mitsinjeyo sadafunsidwe. Kwa iwo Ruo adali madzi otunga ndi owoloka pokacheza kwa malume, motero adapitiriza kuwoloka monga kale. Chimene chidasintha n'chakuti tsidya lililonse lidapeza mbuye wakewake, ndipo anthu sadachedwe kuyerekeza kuti mkwapulo wopepukirako uli tsidya liti.

Tsidya la Apwitikizi udali wolemera zedi. Boma la ku Lisbon lidalibe ndalama zoyendetsera dziko lalikulu chotero, choncho lidabwereketsa madera athunthu kwa makampani monga Companhia da Zambézia, imene idayamba mu 1892, ndi ena otsatira monga Boror ndi Lugela. Kampani inkatolera yokha msonkho wa pa mutu wotchedwa mussoco, ndipo inkagwira anthu kuti akalime ngole, khonje ndi nzimbe m'minda ya kunsi ku chigwa, kutali ndi kwawo. Wolephera msonkho kapena wothawa ntchito ankakumana ndi mbalamatodya, thabwa lobowola timabowo limene ankamenyera m'zikhatho mpaka manja kutupa osatha kugwira khasu. Pamwamba pa izi padabwera nkhondo. Mu 1918 asilikali a Majeremani otsogozedwa ndi Paul von Lettow-Vorbeck adadutsa m'dziko la Alomwe akupirikitsidwa ndi Angerezi. Adamenyana ku Namacurra mu July, ndiponso ku Lioma, kufupi ndi Gurue, kumapeto kwa August, kumene anyamata a ku Nyasaland a m'gulu la King's African Rifles adakhetsako mwazi. Gulu lililonse lodutsa linkalanda chakudya ndi kugwira amtengatenga. Nkhondo itatha padafika mliri wa chimfine, ndipo kuyambira 1938 padadzanso ulimi wokakamiza wa thonje, umene udapitirira mpaka 1961. Aliyense wa mavuto amenewa adatulutsa khamu lakelake pa njira ya kumadzulo.

Zimene akuluakulu amasimba za ulendowu zimafanana m'midzi yambiri. Mudzi sunkanyamuka wonse tsiku limodzi. Ankayamba ndi mnyamata mmodzi kapena awiri, kupita kukagwira ntchito ya dzinja m'minda ya Azungu kuti apeze ndalama ya msonkho ndi nsalu. Akabwerera ankasimba zimene adaona: kuti uko nakonso kuli kapitao wankhanza, koma kuli malo omangapo nyumba, ndipo kwa akutiakuti kuli mbale wathu amene adakhazikika. Chaka chinacho mnyamata uja ankatenga mkazi wake. Pambuyo pake mlongo ankatsatira ndi ana, kenaka amayi okalamba, mpaka mbumba yonse idawoloka pang'onopang'ono ngati nyerere zosamutsa mazira. Ambiri ankanyamuka usiku poopa asilikali a kampani, ndipo ankapewa misewu ikuluikulu. Katundu adali wongokwana pa mutu: mphasa yokulunga, khasu, mphika, ndi kamba wa makaka, chinangwa chouma chimene sichiwonongeka msanga. Mayi wochenjera ankamangiranso pa nsalu mbewu za kwawo. Nandolo, kalongonda ndi chinangwa zimene zadzaza m'minda ing'onoing'ono ya m'mphepete mwa maesiteti zimatikumbutsa za mitolo imeneyo.

Ulendo wotere sunkatha m'masiku owerengeka. Banja linkatha kuima chaka chathunthu kufupi ndi Milange, chaka china m'tsinde mwa phiri la Mulanje kapena m'dambo la Phalombe, lisanamve kuti ku Thyolo kapena ku Chiradzulu kuli malo. Poima paliponse padali khomo la munthu. Nthawi zina adali mbale weniweni. Nthawi zina adali munthu wongomva chinenero chako, amene mukafotokozerana mayina a mapiri ndi mitsinje ya kwanu mumapeza kuti agogo anu adamwera chitsime chimodzi. Apao ndi mizu ya kachere, amakumana pansi. Mwini khomo ankapereka madzi, nsima ndi pogona pakhonde kapena m'gowelo, ndipo m'mawa mwake ankachita chinthu chachikulu koposa: ankaperekeza mlendoyo kwa nyakwawa kapena kwa kapitao, nanena kuti uyu ndi wanga, ndikumudziwa. Popanda mawu amenewo munthu adali wothawathawa chabe, woyenera kugwidwa chifukwa chosowa chiphaso cha msonkho.

Tiyenera kuima pang'ono pa mtengo wa ulemu umenewu, pakuti n'kosavuta kuutamanda tili okhuta. Maesiteti ankafuna antchito ambiri nyengo ya mvula, kuyambira December mpaka March, ndipo ndi nthawi imeneyo pamene alendo ankachuluka pa njira. Koma imeneyonso ndiyo miyezi imene nkhokwe imakhala itapepuka, pamene mayi amayeza ufa ndi chikhatho. Kulandira banja la anthu asanu mu January sikufanana ndi kuwalandira mu May, chimanga chili mbwee pabwalo. Amene ankatsekula chitseko adali anthu oti iwonso adafika dzana lomweli, okhala pa malo a eni, odya kamodzi pa tsiku. Makolo adati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Koma alendo awa dzuwa linkatuluka iwo ali pompo, ndipo wowalandirayo ankadziwa zimenezo asanayale mphasa.

Eni dziko nawo adachitapo mbali yawo. Mafumu a Amang'anja, a Ayao ndi a Angoni adapatsa alendowa malo, popeza mfumu ndi anthu, ndipo mudzi waukulu umalemekezeka. Si paliponse pamene zidayenda mokoma. M'midzi ina obwerawo ankaonedwa ngati antchito a eni mudzi, olimira ena asanalime pawo. Komabe padali chinthu chimodzi chimene chidafewetsa zinthu. Alomwe, Amang'anja ndi Ayao onse amatsata chikamwini. Mnyamata wachilendo ankatha kulowa m'mudzi ngati mkamwini, ndipo ana ake ankabadwa ali eni mudzi kudzera mwa mayi wawo. Ukwati udachita zimene pangano la mu 1891 silidaganizireko.

Koma ku Thyolo mwini malo wamkulu sadali mfumu. Kuyambira 1892 Harry Johnston, mtsogoleri woyamba wa boma la atsamunda, adapereka kwa Azungu zikalata zotchedwa Certificates of Claim, zovomereza kuti malo amene ankati adagula kwa mafumu ndi awodi. Gawo lalikulu la nthaka yabwino ya ku Thyolo lidalowa m'zikalata zimenezi, ndipo malo ambiri a Eugene Sharrer adagwera m'manja mwa British Central Africa Company mu 1902. M'zikalatamo mudali mawu oteteza midzi imene idalipo kale, kuti isasunthidwe popanda chilolezo cha boma, ndipo mu 1903 woweruza milandu Joseph Nunan adagamula mokomera eni midzi oterewa. Chitetezo chimenechi sichidakhudze munthu wofika pambuyo pake. Apa ndiye pagona nkhani yonse. Mzungu wa esiteti adali ndi malo ochuluka koma wopanda manja olimira, ndipo mwini dziko ankatha kumukanira ntchito. Mlomwe wongofika kumene sakadakana, pakuti kukana kudali kubwerera ku mbalamatodya. Motero maesiteti adalandira Alomwe ndi manja awiri, nawauza kuti mangani apa, limani apo, koma mudzathangata.

Mawu akuti thangata ndi athu, ndipo adali mawu abwino. Kuthangata ndi kuthandiza mnzako kupalira kapena kufolera nyumba, iye n'kukuphikira thobwa kapena mowa, podziwa kuti mawa adzabwera kwako. Pa esiteti mawuwo adavala tanthauzo lina. Munthu ankagwira mwezi umodzi wolipirira malo amene wamangapo, ndi mwezi wina wa msonkho wa nyumba, umene boma linkauchepetsa ndi theka kwa amene wagwira ntchito kwa Mzungu. Pa pepala idali miyezi iwiri. Koma mwezi wa pa esiteti sunkawerengedwa poyang'ana kumwamba. Unkawerengedwa pa tikiti, ndipo tsiku linkachongedwa pokhapokha munthu atamaliza mgwazo umene kapitao wamuyezera. Mgwazo ukakula, tsiku limodzi linkadya masiku awiri, ndipo miyezi iwiri inkafutukuka mpaka kudya dzinja lonse, nthawi yomwe munda wa mwini wake ukulira khasu. Woyenda wa ku Santiago amasunga kabuku kake ka zidindo ngati chuma choonetsa adzukulu. Tikiti ya thangata palibe adaisunga. Inkathera m'manja mwa kapitao.

Alomwe oyamba adalima khofi, ndipo khofi atalephera kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1900 adalima thonje ndi fodya. Tiyi adabwera mochedwerapo. Henry Brown adamudzala ku Mulanje mu 1891, ndipo ku Thyolo adayambira pa esiteti ya Bandanga mu 1908. Maclean Kay adatsekula Satemwa mu 1923. Mtaliyana Conforzi naye adakuza minda yake m'boma lomweli. Maiko olima tiyi wambiri, India, Ceylon ndi Dutch East Indies, atagwirizana mu 1933 zochepetsa tiyi wotumiza kunja kuti mtengo ukwere, tiyi wa ku Nyasaland adayamba kupindulitsa, ndipo zitunda zimene zidali tchire zidagwetsedwa mitengo. Tiyi ndi mbewu ya manja: kuthyola nsonga ya masamba awiri ndi kamphukira, kubwerera pa tchire lomwelo patapita masiku owerengeka, mvula ili pamsana. Manja amenewo ambiri adali a anthu a tsidya lija la Ruo. Chodabwitsa n'chakuti m'zaka zomwezo Apwitikizi adadzalanso tiyi ku Gurue, m'tsinde mwenimweni mwa Namuli, kotero kuti ena adathawa tiyi wa kwawo n'kudzathyola tiyi wa kuno.

Lamulo limene tiyenera kulikumbukira koposa ndi la mu 1928, lonena za anthu okhala pa malo a Azungu. Ena amaliyamikira chifukwa lidaika malire pa lendi ndipo lidalola kuti munthu alipire ndi ndalama kapena mbewu m'malo mwa ntchito. Koma lomwelo lidapatsa mwini esiteti mphamvu yochotsa banja limodzi mwa mabanja khumi alionse pakatha zaka zisanu, popanda kupereka chifukwa. Lidanenanso kuti mwana wamwamuna akakwanitsa zaka 16 alibe ufulu wokhala pa malo pamene adabadwira, ndipo mwamuna wokwatira mwana wamkazi wa pamudzipo sangamange nyumba popanda chilolezo cha mwini esiteti. Amene adalemba lamuloli mwina ankangowerengera maekala. Kwa anthu a chikamwini lidalasa pamtima penipeni. Anthu amene adapulumuka chifukwa wina adawatsekulira chitseko adauzidwa kuti alibe mphamvu yotsekulira chitseko mkamwini wawo yemwe. Ife tikuona kuti mwa zowawa zonse za thangata, ichi ndicho chidapweteka mozama, kuposa mgwazo ndi mkwapulo, chifukwa chidalanda munthu wosauka chinthu chokhacho chimene adali nacho chopatsa mnzake.

Ngakhale zidali choncho, anthu sadaleke kubwera. Kalembera wa mu 1921 adapeza Alomwe oposa 120,000 m'Nyasaland. Wa mu 1931 adapeza oposa 235,000. Pofika 1945 adali pafupifupi 380,000. M'mabuku a boma sankalembedwa kuti Alomwe koma Anguru, dzina la kagulu kamodzi limene lidasanduka chitonzo cha onse, lotanthauza munthu wobwera, wosauka, wogwira ntchito imene ena akana. Chitonzo chili ndi mphamvu. Makolo ambiri adaleka kulankhula Chilomwe pamaso pa ana awo, nasankha Chinyanja kuti anawo asadzasekedwe ku sukulu ndi ku msika. N'chifukwa chake lero m'midzi yambiri ya ku Thyolo mupeza gogo womva Chilomwe, mwana wake wodziwa moni yekha, ndi mdzukulu wongodziwa kuvina tchopa.

Munthu amene adalimbana ndi chitonzochi ndi Lewis Mataka Bandawe. Iye adabadwira ku Mozambique, naphunzira ku Mishoni ya Blantyre, ndipo mu 1913 adabwerera kwawo kukagwira ntchito pa mishoni ya Mihecani, kumene adathandiza kumasulira Chipangano Chatsopano m'Chilomwe. Atabwereranso ku Nyasaland adakhala womasulira ku khoti lalikulu, ndipo mu 1943 adatsogolera kukhazikitsa bungwe la Lomwe Tribal Representative Association, limene lidachonderera boma mpaka lidaleka kulemba dzina lonyoza lija. Mbiri ya moyo wake idasindikizidwa mu 1971. Bandawe njirayi adaiyenda kupita ndi kubwerera, ndipo ankadziwa kuti anthu a mbali zonse ziwiri ndi amodzi.

Mipingo nayo idali makomo ena a pa njirayi. Ansembe a chipani cha Montfort, amene adafika ku Nzama mu 1901 natsekula Nguludi mu 1903, adapeza kuti obwera kumene ndiwo ankafulumira kudzaza sukulu ndi makalasi a katekisimu, pakuti munthu wosiya manda a makolo ake kutali amafuna mudzi watsopano womuwerengera. Si mwangozi kuti maparishi a m'maboma a Thyolo, Mulanje, Phalombe ndi Chiradzulu ali ndi akhristu ochuluka chotero. Enanso adapeza khomo kwa John Chilembwe ku Mbombwe, ndipo pamene adaukira mu January 1915, ambiri mwa omutsatira adali Alomwe olawa thangata wa ku Magomero. M'masiku omwewo nyumba za mishoni ya Nguludi zidatenthedwa. Anthu ochokera ku phiri limodzi adapezeka mbali ziwiri za moto umodzi.

Ku Thyolo mkwiyo udaphulika mu August 1953, chaka chimene chitaganya cha Rhodesia ndi Nyasaland chidayamba. Boma lidali litachenjezedwa kale: Sir Sidney Abrahams, amene adafufuza nkhani ya malo mu 1946, adalangiza kuti ligule malo osalimidwa a maesiteti ndi kukhazikapo anthu, koma ntchitoyo inkayenda mwa kamba. Chidayatsa moto ndi nkhani yaing'ono ya malalanje pa esiteti ya Mangunda, kufupi ndi Luchenza, kumene anthu adagwidwa powaganizira kuba, ndipo mphekesera idawanda kuti aphedwa. Anthu adatseka misewu ndi mitengo, nadula mawaya a lamya, nakana msonkho. Zipolowe zidafalikira m'maboma oyandikana, ndipo pamene zinkatha anthu 11 adali atafa. Thangata adathetsedwa ndi lamulo mu 1962, dziko litatsala pang'ono kulandira ufulu. Tiyi adatsala pamene adali, ndipo midzi idatsala yopanikizana m'mphepete mwake ndi m'malo otsetsereka.

Njira ija idadzatsekukanso m'masiku a ambiri a ife. Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique itafika ku Milange ndi madera ena a m'malire mu 1986, anthu adawoloka Muloza ndi Ruo ali ndi mitolo pamutu monga adachitira agogo awo. Pofika 1992 Malawi adali kusunga othawa nkhondo oposa 1,000,000, pamene eni dziko adali osakwana 10,000,000. Misasa ndi chimanga cha mabungwe zidabwera pambuyo; masiku oyamba ambiri adafikira m'midzi, kwa anthu a chinenero chawo, ndipo adzukulu a alendo a mu 1918 ndiwo adayala mphasa. Mtendere utasainidwa ku Rome pa 4 October 1992, mothandizidwa ndi gulu la Sant'Egidio ndi Arkiepiskopi Jaime Gonçalves wa ku Beira, ochuluka adabwerera kwawo, koma maukwati amene adamangidwa m'zaka zimenezo adasiya mizu mbali zonse ziwiri.

Kalembera wa mu 2018 adapeza kuti Alomwe ndi mtundu wachiwiri pa kuchuluka m'Malawi, pafupifupi munthu mmodzi mwa asanu alionse, ndipo kuti m'boma la Thyolo lokha muli anthu oposa 720,000. Dzina limene lidali chitonzo lidasanduka chonyadira. Chaka ndi chaka anthu amasonkhana kwa Chonde ku Mulanje pa mwambo wa Mulhako wa Alhomwe, ndipo mawu akuti mulhako amatanthauza khomo. Koma malo sadakule. Banja limene agogo ake adapatsidwa munda ndi kapitao lagawa mundawo kwa ana aakazi kwa mibadwo inayi, ndipo chotsala ndi kachigamba kosakwana kudyetsa nyumba mpaka Khirisimasi. Mlendo akafika lero pa khomo lotere nsima adzadya, koma pomuuza kuti manga apa palibe.

N'chifukwa chake ena adanyamukanso. Pakati pa 2004 ndi 2011 boma, ndi thandizo la World Bank, lidayendetsa ntchito yotchedwa Kudzigulira Malo, imene idathandiza mabanja pafupifupi 15,000 osowa minda kugula malo a maesiteti osalimidwa, makamaka ku Mangochi ndi Machinga, banja lililonse mahekitala awiri kapena kuyandikira pamenepo. Ena mwa mabanjawo adachokera ku Thyolo ndi Mulanje, napita kukakhala pakati pa Ayao, kumene nyengo ndi yotentha, chinenero n'china, ndipo mfumu ya kumeneko idayenera kuyamba yavomera kuwalandira. Ntchitoyo sinkalola munthu kupita yekha. Mabanja ankayenera kupanga gulu, kawirikawiri la achibale ndi anansi a m'mudzi umodzi, ndipo gululo linkayamba latuma anthu ake ochepa kuti akaone malowo ndi kubwera kudzauza anzawo.